CILUMBA CA LIKOMA: BOMA, MALIRE NDI MALONDA OZEMBETSA

Pa Nyanja ya Malawi, imene m'masiku a ulamuliro wa Azungu inali kuchedwa Nyasa, pali zilumba ziwiri zoyandikana, Likoma ndi Cizumulu. Munthu akayang'ana pa mapu adzaona codabwitsa: zilumbazi nza dziko la Malawi, koma ziri ku mbali ya Mozambique. Kucokera pa Likoma kunka ku gombe la Mozambique ndi mamailosi osafika 5, koma kunka ku Nkhata Bay ndi mamailosi oposa 40. Ena a ife okhala muno m'Nakoli ndi m'makomboni ena a Kabwe tiri adzukulu a anthu a ku nyanja amene anadza kudzagwira nchito pa mgodi wa Broken Hill ndi pa njanji, ndipo dzina la Likoma tinalimva tikali ana. Koma phunziro ili nla onse, pakuti mbiri ya cilumbaci itithandiza kuyankha funso limene libvuta Akristu ambiri okhala pafupi ndi malire kapena pa miseu yaikuru: kodi ciri conse cimene Boma licicha kuzembetsa ciri cimo lofanana pamaso pa Mulungu?

1. Cilumba ndi anthu ace

Likoma ndi malo aang'ono, utali wace ngati mamailosi 5. Nthaka yace njamiyala ndi mcenga. Malambe ndi mango zimerapo bwino, cinangwa cibala pang'ono, koma cimanga sicikwanira anthu. Cuma ca eni ace ndico nsomba, makamaka usipa ndi utaka. Cifukwa cace kuyambira kale anthu a pa Likoma anali kudalira tsidya la kum'mawa: kumeneko anali kugula cakudya, kutema nkhuni ndi mitengo yosemera mabwato, ndiponso kukwatirana ndi abale ao Anyanja.

Nanga anthu anakhaliranji pa malo ouma otere? Yankho lace ndi nkhondo. M'zaka za m'ma 1800 Angoni ocokera kumpoto, amene Anyanja anawacha Magwangwara, anali kutsikira ku gombe la kum'mawa kudzatentha midzi ndi kugwira anthu. Angoniwo sanali anthu a mabwato. Cotero madzi anakhala linga la cilumba, ndipo munthu amene anaoloka anagona tulo. Tisunge mau awa: Likoma anayamba ngati pothawira.

2. M'mene cilumba cinakhalira ca Angerezi

Si asilikari amene anabweretsa mbendera ya Angerezi pa Likoma, koma amishoni. Mishoni ya U.M.C.A., imene inabadwa cifukwa ca kudandaulira kwa David Livingstone ku Cambridge m'caka ca 1857, inayesa kukhazikika ku Magomero mu 1861, nilephera, nisamukira ku Zanzibar. Mu 1882 William Percival Johnson anafika pa nyanja pamodzi ndi Charles Janson. Janson anamwalira atangofika, ndipo Johnson anatsala kwa mfumu Citeji ku gombe la kum'mawa. Mu 1885 Citeji anabvomereza kuti amishoni amange pa Likoma, ndipo caka comweco sitima yao, yochedwa dzina la Charles Janson, inalowa m'madzi. Chauncy Maples anadza mu 1886 kudzatsogolera nchito ya pa cilumba.

Pa nthawi yomweyo maufumu a ku Ulaya anali kugawana dziko la Afrika. Pa 1 July 1890 Angerezi anapangana ndi Ajeremani za mbali ya kumpoto kwa nyanja, ndipo pa 11 June 1891 anapangana ndi Apwitikizi za mbali ya kum'mawa. Gombe limene liyang'anana ndi Likoma linagwa m'manja mwa Apwitikizi; koma popeza likulu la mishoni ya Angerezi linali pa cilumba, Likoma ndi Cizumulu zinakhala za Angerezi. Mapangano awa analembedwa ku Ulaya. Citeji sanafunsidwe, ngakhale asodzi a pa cilumba. Tsiku limodzi lokha mbale ndi mlongo wace, wina pa Likoma wina ku Kobwe, anasanduka anthu a maufumu awiri.

Mu 1954 Angerezi ndi Apwitikizi anakonzanso malirewo, nawasunthira pakati pa nyanja. Zilumba zinatsalabe ku Nyasaland pamodzi ndi madzi a mamailosi 2 kuzungulira ciri conse, ndipo pamene mpata wa pakati pa Likoma ndi gombe uli wocepa, madziwo anagawidwa pakati. Umo ndi m'mene zikhalira pa mapu kufikira lero.

3. Boma lakutali

Dziko linalengezedwa kuti liri pansi pa citetezo ca Angerezi mu 1891, ndipo Harry Johnston anakhala wolamulira woyamba, likulu lace ku Zomba. Koma Zomba anali kutali, ndi akapitao a Boma anali owerengeka. Pa Likoma zinthu zambiri zimene kwina zicitidwa ndi Boma zinali m'manja mwa mishoni: sukulu, cipatala, makina osindikizira mabuku, nyumba zophunziriramo ukalipentala ndi umisiri wa miyala, ndi sitima zonyamula anthu ndi makalata. Pa malo ochedwa Cipyela, pamene kale anali kutentherapo anthu onenezedwa ufiti, anayamba kumanga chalichi cacikuru ca Petro Woyera mu 1903. Cinatsegulidwa mu 1905, nicipatulidwa mu 1911.

Zipatso zace zinaoneka. Kacilumba kosabala cimanga kanabala aphunzitsi, alembi, amisiri ndi ansembe amene anamwazikana kufikira ku Northern Rhodesia, ku Southern Rhodesia ndi ku Tanganyika. John Edward Hine, amene anakhala Bishopu woyamba wa Northern Rhodesia mu 1910, anali kale Bishopu wa Likoma; ndipo Leonard Kamungu, wansembe wa Cinyanja amene anatumikira ku Msoro namwalira komweko mu 1913, anaturuka m'mishoni yomweyi.

Koma tisabise mbali yina. Pamene mbusa akhalanso mwini sitima, mwini nchito ndi mwini mankhwala, munthu wosauka sadziwa bwino ngati agwada cifukwa ca cikhulupiriro kapena cifukwa ca njala. Ndipo Boma, poona kuti ena alikusenza katundu wace, silinafulumire kucita kanthu. Ufulu utafika mu 1964, cilumba cinakhalabe pansi pa boma la Nkhata Bay, ndipo cinalandira boma laceace mu 1999.

4. Katundu woyamba wozembetsa: anthu ndi onga

Amishoni asanafike, malonda akuru a pa nyanja anali minyanga ndi akapolo. Ku Nkhotakota kunali Jumbe, Mswahili, amene zombo zace zinali kuolotsa akapolo kunka tsidya la kum'mawa. Kucokera uko anali kuwayendetsa pansi, magoli ali m'khosi, kufikira ku Kilwa pa nyanja ya mcere. Kumwera cakum'mawa kunali Makanjira, mfumu ya Ayao, nayenso mwini zombo. Pobwerera zombozo zinali kutenga nsaru, mikanda, mfuti ndi onga. Ndipo mfuti ndi onga ndizo zinali kugwira akapolo ena. Mu 1888 anthu a Makanjira anagwira Johnson pamodzi ndi John Buchanan, woimira Boma la Angerezi, nawacititsa manyazi, ndipo anawamasula atalandira dipo.

Mu 1890 maufumu anasonkhana ku Brussels nagwirizana kuthetsa malonda a akapolo ndi kuletsa kulowetsa mfuti ndi onga m'maiko awa. Kuyambira pamenepo zimene zinali kucitika poyera zinayamba kucitika mobisa. Nyanja njaitali, mamailosi oposa 350, ndi madooko ace obisika ngosawerengeka. Combo coyenda usiku ndi mphepo yabwino cikhoza kuoloka kusanace. Mu December 1891 Captain Cecil Maguire anaphedwa pamene anali kutentha zombo ziwiri za Makanjira. Pamenepo Boma linazindikira kuti sangathe kulamulira mtunda munthu wosalamulira madzi. Mu 1893 sitima ziwiri za mfuti, Pioneer ndi Adventure, zinalowa pa nyanja. Caka comweco mudzi wa Makanjira unagonjetsedwa, namangapo linga lochedwa Fort Maguire. Mu 1894 Jumbe wotsiriza anacotsedwa pa mpando natumizidwa ku Zanzibar, ndipo mu December 1895 Mlozi anapacikidwa ku Karonga.

Pa nkhani iyi palibe cokayikitsa. Lamulo la Mose linaweruza kuti wakuba munthu ndi kumgulitsa ayenera imfa (Eksodo 21:16), ndipo Paulo awerenga akuba anthu pakati pa ocimwa oopsa (1 Timoteo 1:10). Malonda awa anali oipa Boma lisanawaletse, ndipo akadakhala oipa ngakhale Boma likadawalola. Pano lamulo la anthu linangotsata lamulo la Mulungu, ngakhale tidziwa kuti olamulirawo anali kufunanso dziko ndi msonkho.

5. Katundu waciwiri: cimanga ndi nkhuni

Tsopano taonani m'mene liu limodzi lomwelo linagwera pa zinthu zina. Apwitikizi anapereka dziko la kum'mawa kwa nyanja kwa kampani yochedwa Companhia do Niassa, imene inalamulira kufikira 1929. Cuma ca kampaniyo cinali kucokera ku msonkho wa nyumba, ku msonkho wa katundu wolowa ndi woturuka, ndi ku nchito ya cibalo. Nkhanza zace zinathawitsa anthu ambiri kunka ku Nyasaland. Pa maso pa lamulo, bwato lotenga cimanga, nkhuni kapena mbuzi kunka ku Likoma tsopano linali kuturutsa katundu m'dziko lina kulowa m'dziko lina. Ndipo likapanda kudzera pa kasitomu, mwini wace anali wozembetsa. Koma mwini bwatoyo anali kucita comwe anacita agogo ace, pa madzi omwewo, ndi abale omwewo. Iye sanasinthe, malire ndiwo anampeza.

Mishoni yomwe inalawa zowawa za malire awa. Sukulu yace ya aphunzitsi, St. Michael's College, inali ku Kobwe, m'dziko la Apwitikizi. Mu November 1911 mkuru wa sukuluyo, Arthur Douglas, anaomberedwa ndi msilikari wa Cipwitikizi, nafa. Pambuyo pace sukuluyo inaolotsedwa kunka pa Likoma. Cilumba cinakhalanso pothawira, ngakhale pa sukulu.

Kodi tidzanena kuti mai wotenga dengu la ufa kwa mlongo wace ali wofanana ndi mwini combo ca akapolo, popeza onse awiri anapewa kasitomu? Iai ndithu. Buku la Boma liwalemba pa mzere umodzi, koma cikumbumtima ciwasiyanitsa.

6. Cilumba cina ca ku Ulaya

Kuti tione bwino kusinthasintha kwa malamulo a malire, tiyeni tiyang'ane cilumba cina cimene cikhudzana ndi nyanja yathu. Pangano la Angerezi ndi Ajeremani la 1890, lija tachula kale, lidziwika ndi dzina la Heligoland ndi Zanzibar. Heligoland ndi kacilumba ka mwala m'nyanja ya kumpoto kwa Germany, kocepa koposa Likoma. Angerezi anakalanda kwa anthu a ku Denmark mu 1807, pa nthawi imene Napoleon, wolamulira wa France, anatseka madooko a Ulaya kuti katundu wa Angerezi asalowemo. Pamenepo Heligoland anadzala ndi nyumba zosungiramo shuga, khofi ndi nsaru, ndipo mabwato anali kuzembetsa katunduyo usiku kunka ku gombe la Germany, Boma la Angerezi likudziwa ndi kukondwera. Ufumu womwewo umene unali kusaka ozembetsa pa Nyasa unali utawasunga pa Heligoland.

Mu 1890 Angerezi anapereka kacilumbako kwa Ajeremani, ndipo Ajeremani analeka kutsutsana nao za Zanzibar ndi maiko ena a kum'mawa kwa Afrika. Eni ace atsopano anakasandutsa linga la nkhondo, nakumba mapanga m'mwala, naikamo mizinga. Mizingayo ndiyo inaitana tsoka. Mu April 1945 ndege za Angerezi zinaphwanya cilumba conse, anthu ace nasamutsidwa. Ndipo pa 18 April 1947 Angerezi anaphulitsa malinga otsalawo ndi matani oposa 6,000 a zophulika. Eni mudzi analoledwa kubwerera cilumba citabwezedwa kwa Ajeremani mu 1952.

7. Cimene cinachinjiriza Likoma

Pa Likoma sipanamangidwe linga lotere. Nkhondo Yaikuru itayamba mu August 1914, Ajeremani anali ndi sitima imodzi ya mfuti pa nyanja, Hermann von Wissmann, ndipo ikadayenda momasuka, cilumba ndi midzi yonse ya m'gombe zikadakhala poopsa. Pa 13 August Captain Rhoades, ali m'sitima ya Boma yochedwa Guendolen, anaipeza itakokedwera pa mtunda ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli m'Tanzania, naiononga. Woyendetsa wace anali asanamve nkomwe kuti nkhondo yayamba. Kuyambira tsiku limenelo nyanja inali m'manja mwa Angerezi. Koma cilumba cinalipira mtengo wace: sitima ya mishoni, Chauncy Maples, imene inalowa m'madzi mu 1901 kuti inyamule aphunzitsi ndi odwala, inatengedwa ndi Boma kukanyamula asilikari ndi katundu wa nkhondo.

Zaka 50 zitapita, nkhondo inafika pakhomo penipeni. Mu September 1964 Frelimo inayamba kumenyera ufulu wa Mozambique, ndipo dziko la Niassa linali limodzi la malo oyamba a nkhondoyo. Apwitikizi anaika sitima zao za mfuti ku Metangula. Midzi ya m'gombe inapasuka, ndipo anthu anaoloka m'mabwato kunka pa Likoma, kwa anthu amene analibe cakudya cokwanira iwo eni. Anawalandira. Mozambique atapata ufulu mu 1975 kunabukanso nkhondo ya pa ciweniweni imene inatha mu 1992, ndipo othawa anadzanso. Mabwato omwe aja amene lamulo linawayesa ozembetsa ndiwo anapulumutsa miyoyo.

Tikalinganiza zilumba ziwirizi tiona kuti cimene cinadzaza mizinga cinapasuka, ndipo cimene cinadzaza othawa cinaima. Sitinena kuti dziko lisasunge asilikari. Sitima ya Guendolen inacita nchito yace. Koma ulemu wa Likoma uli pa kulandira alendo, monga anthu a pa cilumba ca Melita analandira Paulo ndi anzace ngalawa yao itasweka (Macitidwe 28).

8. Zimene tiphunzirapo

Coyamba, malire ndi nchito ya anthu, ndipo asintha. Mkristu ayenera kulemekeza olamulira ndi kupereka msonkho (Aroma 13:1-7), pakuti msonkho ndiwo umanga zipatala ndi miseu. Wamalonda amene abisa magalimoto a katundu, napatsa wa kasitomu ciphuphu kuti alemere yekha, aba za anthu onse, ndipo asadzibise kumbuyo kwa mai wa dengu uja.

Caciwiri, olamulira nawo ali ndi mangawa. Yohane Mbatizi analangiza amisonkho kuti asalandire zoposa zimene zinaikidwa (Luka 3:12-13). Lamulo limene lisandutsa munthu wofuna cakudya ca ana ace kukhala wopalamula lifunika kukonzedwa, ndipo Mpingo uyenera kunena comweco poyera, m'njira zoyenera, osati kungokhala cete.

Cacitatu, ndipo ici ndico cacikuru, malonda a anthu sanathe ndi Jumbe ndi Mlozi. Mu October 2022 mitembo pafupifupi 30 ya anthu oganiziridwa kuti anacokera ku Ethiopia inapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. Ndipo mu December caka comweco mitembo 27 inapezeka itatayidwa ku Ngwerere pafupi ndi Lusaka. Anthu otere alipira ndalama kuti awapitikitse mobisa kunka ku South Africa, ndipo ena afera m'njira ndi njala kapena kusowa mpweya m'magalimoto otsekedwa. Mseu waukuru wocokera kumpoto udzera pakati pa Kabwe. Munthu amene abwereketsa nyumba yace, galimoto yace kapena khutu lace logontha ku nchito yotere ali mnzace wa mwini combo ca akapolo, ngakhale akhale pa mpando wa kutsogolo m'chalichi.

Cifukwa cace, abale, pamene mumva liu ili lakuti kuzembetsa, funsani mafunso awiri: cimene cirikunyamulidwa nciani, ndipo apwetekedwa ndani? Makolo a pa Likoma anadziwa kusiyanitsa bwato la ufa ndi combo ca magoli. Ifenso tiphunzire kusiyanitsa, kuti tisaweruze wosauka mopitirira, ndiponso kuti tisalekerere wogulitsa anthu.

Mafunso okambirana

1. Cifukwa ninji Likoma ndi Cizumulu ziri za Malawi pamene ziri pafupi ndi Mozambique?

2. Chulani zabwino ndi zoopsa zimene zioneka pamene Mpingo ugwira nchito zoyenera Boma.

3. Kodi mbiri ya Heligoland itiphunzitsa ciani za malamulo a kasitomu?

4. Werengani Aroma 13:1-7 pamodzi ndi Macitidwe 5:29. Kodi ndi liti pamene Mkristu ayenera kumvera, ndipo ndi liti pamene ayenera kukana?

5. Mpingo wanu ungacite ciani ukamva kuti alendo alikubisidwa m'nyumba ya m'komboni mwanu kuti awapitikitse kwina?